Phunziro: Sitima Zopita Kumalekezero a Dziko ndi Umboni wa Kusintha kwa Nyengo

Jogalafe, sukulu za sekondale, boma la Chadiza
Nthawi: mapiriyodi awiri

Zipangizo: mapu a dziko lonse, makapu awiri oonekera mkati, zibenthu za ayezi, timiyala, zidutswa ziwiri za malata, laimu, makala, rula ndi botolo la pulasitiki.

Zolinga

Pomatha phunziroli wophunzira aliyense athe:
1. kuloza pa mapu dera la Arctic ndi la Antarctica ndi kunena kusiyana kwake;
2. kufotokoza mmene sitima zimayendera m'madzi oundana ndi zimene asayansi amakayeza;
3. kutchula umboni wosonyeza kuti maderawa akutentha ndi chimene chikuchititsa;
4. kufotokoza kugwirizana kwa zimenezi ndi ulimi wa kuno ku Chadiza.

Chiyambi

Ophunzira, kuno ku Chadiza kulibe nyanja. Madzi oundana ambirife timawaona m'firiji ya kugolosale, apo ayi mvula ikagwa ya matalala. Mwina wina wayamba kale kudzifunsa kuti nanga za sitima zoyenda kutali kumene sitidzapondako zikutikhudza pati. Zikutikhudza chifukwa dziko lonse likutentha, ndipo kumalekezero kwake ndi kumene kutenthako kumaonekera msanga ndi kuyezeka bwino. Anthu amene amapitako pa sitima ali ngati mboni pa bwalo la amfumu. Mboni imafunsidwa kuti inali kuti, inaona chiyani, nanga tiikhulupirire bwanji. Tiyeni titsate mafunso amenewa mwandondomeko, kenaka tiike umboniwo pambali pa chilala cha 2023/2024 chimene nonse mukuchikumbukira.

Gawo 1: Madera awiri osafanana

Ikani chala pa mapu pamene pali Chadiza, madigiri pafupifupi 14 kumwera kwa ikweta. Tsetserekani kudutsa Tete, Zimbabwe ndi South Africa mpaka ku Cape Town. Mukaoloka nyanja yamchere mtunda wa makilomita pafupifupi 4,000, mwafika ku Antarctica. Kumeneku ndi kumtunda, dera lalikulu kuwirikiza Zambia ka 18, ndipo pafupifupi lonse n'lokutidwa ndi madzi oundana ochindikala makilomita awiri, pena kuposa anayi. Kulibe mudzi, kulibe mtundu wa anthu umene ndi kwawo. Mu 1959 mayiko 12, kuphatikizapo South Africa, anasainirana pangano loti derali likhale la mtendere ndi kafukufuku basi.

Tsopano kwezani chala kumpoto kwenikweni. Arctic ndi nyanja yozunguliridwa ndi mtunda wa Russia, Norway, Greenland, Canada ndi Alaska. Kumeneko kuli anthu pafupifupi 4 miliyoni, ena mwa iwo a mitundu ya Inuit ndi Sami, amene akhala akusaka ndi kuweta m'chisanu kuyambira makedzana. Zimbalangondo zoyera zili kumpoto kokha, pomwe mbalame za penguin kwawo ndi kumwera.

Popeza dziko limazungulira dzuwa litapendekeka, nyengo za madera awiriwa zimasinthana. Sitima zimapita ku Antarctica kuyambira Novembala mpaka Malichi, ife tili kalikiliki ndi kubzala, kupalira ndi kubandira. Ku Arctic zimapita kuyambira Juni mpaka Sepitembala, ife titakolola. Miyezi imeneyi dzuwa limatha masabata osalowa, ndipo miyezi ya chisanu limatha masabata osatuluka.

Lembani m'makope mitundu itatu ya madzi oundana, chifukwa phunziro lonse latsamira pa kusiyana kwake. Woyamba ndi madzi a m'nyanja amene amaundana pamwamba nthawi ya chisanu, kuchindikala mita imodzi mpaka atatu kapena anayi, ndipo ambiri amasungunukanso dzuwa likabwerera. Wachiwiri ndi madzi oundana a pamtunda, amene anapangika ndi chipale chofewa chimene chakhala chikugwa ndi kutsinyirana kwa zaka masauzande. Amenewa amatsetsereka pang'onopang'ono kulowera kunyanja. Wachitatu ndi zibenthu zazikulu zimene zimathyoka kumapeto kwa a pamtunda aja n'kumayandama. Chibenthu chotere chimaonetsa gawo limodzi lokha mwa magawo khumi, ena onse ali pansi pa madzi, n'chifukwa chake oyendetsa sitima amachilambalala patali.

Gawo 2: Amene anayamba kupitako

Mu 1845 John Franklin wa ku Britain ananyamuka ndi sitima ziwiri, Erebus ndi Terror, kukafuna njira yodutsa kumpoto kwa Canada kuchoka ku nyanja ya Atlantic kukatulukira ku Pacific. Sitimazo zinapanikizika m'madzi oundana, ndipo amuna 129 anathera komweko. Woyamba kuidutsa njirayo pa sitima anali Roald Amundsen wa ku Norway, pa kasitima kotchedwa Gjøa, kuyambira 1903 mpaka 1906. Mu 2016 chisitima cha alendo oona malo, Crystal Serenity, chinadutsa komweko ndi okwera pafupifupi 1,000, ndipo ulendo wonse wochoka ku Alaska kukafika ku New York unatenga masiku 32.

Apa wophunzira wochenjera aime kaye. Sitima za lero zili ndi injini zamphamvu ndi zithunzi za setilaiti zoonetsa njira, komanso Amundsen anakhalitsa dala pa malo amodzi akuchita kafukufuku ndi kuphunzira kwa a Inuit. Choncho zaka zitatu ndi masiku 32 si umboni wokwanira pawokha. Zimangotipatsa chifukwa chofunira miyeso yeniyeni, ndipo miyesoyo tiipeza m'magawo akubwerawa.

Munthu wina wofunika kumudziwa ndi Fridtjof Nansen, nayenso wa ku Norway. Iye anaganiza kuti madzi oundana a ku Arctic sangokhala pamodzi, amayenda ndi mphepo ndi mafunde. Pofuna kutsimikiza, anakonzetsa sitima ya Fram yokhala ndi mimba yobulungira, kuti madzi oundana akaifinya izikwera pamwamba m'malo mophwanyika. Mu 1893 anailowetsa dala kumpoto kwa Siberia kuti iundane nawo pamodzi, ndipo inatengedwa choncho mpaka kukatulukira kufupi ndi zilumba za Svalbard mu 1896. Maganizo ake anapezeka oona.

Gawo 3: Sitima ya ku Africa kuno

Musaganize kuti ntchitoyi ndi ya azungu okha. Ku doko la Cape Town kumakocheza sitima yofiira ya boma la South Africa yotchedwa S.A. Agulhas II. Inamangidwa ku Finland, inayamba ntchito mu 2012, ndi yaitali mamita 134, ndipo anaipereka kuti ikhale chikumbutso cha woimba Miriam Makeba. Chaka ndi chaka cha mu Disembala imanyamula asayansi, mafuta, chakudya ndi makina kupita ku Antarctica, kumene South Africa ili ndi malo ofufuzira a SANAE IV. Imapitanso ku zilumba za Marion ndi Gough, kumene kuli malo oyezera nyengo.

Ulendowu si wamasewera. Kumwera kwa Africa kulibe mtunda wotchinga mphepo, motero mafunde amakula kufika msinkhu wa nyumba zosanja. Mbale patebulo amazitchingira, makina amawamangirira, ndipo ambiri amatha masiku oyamba akusanza. Ikafika pa madzi oundana sitimayo siiwaboola ayi. Kutsogolo kwake n'kopendekeka ndipo n'kwachitsulo chochindikala, choncho imakwera pamwamba pake, kulemera kwake n'kuwaswa, zibenthuzo n'kukankhidwira m'mbali. Ikhoza kuswa ochindikala mita imodzi ikuyenda makilomita pafupifupi 9 pa ola. Pakalimba, kaputeni amaibweza m'mbuyo n'kubweranso ndi liwiro, kangapo konse, mpaka njira itatseguka.

Sitima imeneyi inatchuka pa dziko lonse mu 2022. Kale mu 1915 sitima ya Ernest Shackleton, Endurance, inafinyidwa ndi madzi oundana n'kumira m'nyanja ya Weddell, ngakhale amuna onse 28 anapulumuka. Mu 2019 gulu lina linapita kukaifuna pa S.A. Agulhas II, koma linabwerako chimanjamanja makina awo ofufuzira atatayika pansi pa madzi oundana. Pa 5 Malichi 2022 gulu lachiwiri, sitima ikuyendetsedwa ndi Kaputeni Knowledge Bengu wa ku South Africa, linaipeza Endurance ili pansi pa nyanja mamita 3,008. Luso la oyendetsa linagwira ntchito, komanso chaka chimenecho madzi oundana ozungulira Antarctica anali ochepa kuposa zaka zonse zimene zinali zitayezedwa m'mbuyomo.

Gawo 4: Amayeza chiyani, amayeza bwanji?

Kuyambira 1979 masetilaiti akhala akujambula madera awiriwa mosalekeza. Setilaiti imaona bwino kukula kwa dera loundana, koma za pansi pake zimafuna munthu afike. Ntchito zazikulu ndi zinayi.

Yoyamba ndi kuyeza kuchindikala. Sitima ikaima, asayansi amatsika atavala zovala zochindikala, amaboola madzi oundana ndi chitsulo chopota, amalowetsa tepi yoyezera yokhala ndi kachitsulo kokola pansi, n'kulemba nambala. Amasuntha mapazi angapo n'kubwerezanso, mabowo ambirimbiri pa mzere umodzi. Ku Arctic wina amaima chapatali ndi mfuti kulondera zimbalangondo.

Yachiwiri ndi kutunga madzi akuya. Pa chingwe chachitsulo amatsitsa chimango chozungulira chokhala ndi mabotolo otsegula kumwamba ndi kunsi. Chimatsika mamita masauzande chikuyeza kutentha ndi mchere. Pokwera, munthu ali pa kompyuta amatseka botolo limodzi pa kuya kulikonse kumene wasankha, ndipo madziwo amakawapima m'chipinda chofufuzira cha m'sitima momwemo.

Yachitatu ndi kusiya makina m'nyanja. Pali makina oyandama pafupifupi 4,000 a pulogalamu ya Argo amene sitima zosiyanasiyana zaponya m'nyanja za dziko lonse. Aliwonse amamira mpaka mamita 2,000, amabwerera pamwamba pakatha masiku khumi, n'kutumiza miyeso yake kudzera pa setilaiti. Miyeso yotereyi yathandiza kudziwa kuti magawo 90 pa 100 alionse a kutentha koonjezera kumene dziko lasunga alowa m'nyanja.

Yachinayi imachitikira kumtunda, koma zipangizo zake zimadalira sitima. Asayansi amakumba madzi oundana a pamtunda n'kutulutsa mipiringidzo yaitali. M'kati mwake muli timathovu ta mpweya timene tinatsekeredwa pamene chipale chofewa chinkagwa. Pa malo otchedwa Dome C, ku Antarctica, anakumba makilomita oposa atatu n'kupeza mpweya wa zaka 800,000 zapitazo.

Ulendo waukulu kwambiri wa kafukufuku wa pa sitima ku Arctic ndi wa MOSAiC. Sitima ya ku Germany ya Polarstern inanyamuka ku Tromsø, Norway, pa 20 Sepitembala 2019, n'kutsata njira ya Nansen: anaimangirira ku chibenthu chachikulu n'kuilola itengedwe. Asayansi mazanamazana ochokera m'mayiko 20 ankasinthana, ena akugwira ntchito miyezi ya mdima wokhawokha. Fram inatenga zaka zitatu, koma chibenthu cha Polarstern chinafika kumapeto kwa ulendo n'kuphwasuka patatha miyezi khumi yokha, chifukwa madzi oundana opyapyala amakankhika msanga ndi mphepo. Atapita ku North Pole mu Ogasiti 2020 anapeza madzi oundana ofooka, odzaza ndi zithaphwi. Sitimayo inabwerera ku Bremerhaven pa 12 Okutobala 2020.

Gawo 5: Zimene miyeso yaonetsa

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ulendo umodzi suuza munthu za kusintha kwa nyengo. Chimene chimauza ndi kuyeza chinthu chomwecho, mwa njira yomweyo, kwa zaka makumi. Nazi zotsatira zofunika kuzisunga.

Ku Arctic madzi oundana a m'nyanja amachepetsetsa mu Sepitembala. Pakati pa 1981 ndi 2010 ankatsala pa dera la masikweya kilomita pafupifupi 6.2 miliyoni. Mu Sepitembala 2012 anatsala 3.4 miliyoni okha. Dera limene linasowalo mungalowetsemo Zambia pafupifupi kanayi. Kuyambira 1979 dera la Arctic latentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse.

Ku Antarctica chithunzi chinali chosiyana kwa nthawi yaitali, madzi oundana a m'nyanja sankachepa, koma kuyambira 2016 atsika kwambiri, ndipo mu Febuluwale 2023 anafika pa masikweya kilomita 1.79 miliyoni, kuchepa kumene kunali kusanalembedwepo. Mu 2002 chigawo cha madzi oundana cha Larsen B, chachikulu masikweya kilomita 3,250, chinaphwasuka m'masabata owerengeka. Pa 6 Febuluwale 2020 malo ofufuzira a Argentina a Esperanza anayeza kutentha kwa madigiri 18.3. Mu 2022, m'nyanja ya Bellingshausen, magulu anayi mwa asanu a penguin zikuluzikulu anataya anapiye awo chifukwa malo oundana amene ankaswerapo anasweka anapiyewo asanamere nthenga zosalowa madzi.

Greenland akutaya matani pafupifupi 270 biliyoni a madzi oundana pa chaka, ndipo Antarctica pafupifupi 150 biliyoni. Madzi a m'nyanja zamchere akwera masentimita pafupifupi 20 kuyambira 1900, mbali ina chifukwa cha kusungunukaku, mbali ina chifukwa madzi akatentha amafufuma. Atati asungunuke onse a ku Greenland nyanja ingakwere mamita 7, a ku Antarctica mamita pafupifupi 58, ngakhale zimenezo zingatenge zaka mazana ambiri kapena masauzande.

Pali chinthu china chimene chikutikhudza ife alimi. Ku Svalbard, pafupi ndi tauni ya Longyearbyen kumene sitima zambiri zimakocheza, kuli nyumba yosungira mbewu za dziko lonse, imene inakumbidwa m'phiri lozizira n'kutsegulidwa mu 2008. Likulu la SADC losunga mbewu, limene lili ku Chongwe m'mbali mwa msewu wa Great East, linatumizako mbewu za kumwera kwa Africa kuno. Malowo anawasankha chifukwa nthaka yake imakhala youndana chaka chonse, koma mu 2016 kunafunda modabwitsa, madzi n'kulowa m'khonde lolowera. Mbewu sizinaonongeke, koma khondelo anachita kulimanganso.

Gawo 6: Chikuchititsa n'chiyani?

Dzuwa likawomba dziko, nthaka ndi nyanja zimatentha n'kubwezera kutenthako kumwamba. Mipweya ina ya mumlengalenga, makamaka kaboni dayokisaidi, imagwira gawo la kutenthako kuti lisatuluke. Zimenezi n'zachilengedwe, ndipo popanda izo dziko likanakhala lozizira kosakhalika. Vuto ndi kuchuluka. Timathovu ta ku Dome C tikusonyeza kuti m'zaka 800,000 mpweyawu sunapitirire magawo 300 pa miliyoni. Mafakitale asanachuluke unali pa 280. Lero wadutsa 420, chifukwa cha kuwotcha malasha, petulo, dizilo ndi gasi, komanso kudula ndi kutentha nkhalango. Bungwe loona za nyengo pa dziko lonse la WMO linalengeza kuti 2024 chinali chaka chotentha kuposa zonse zimene zinali zitalembedwa, madigiri pafupifupi 1.55 pamwamba pa nthawi imene mafakitale anali asanachuluke. Pangano la ku Paris la 2015 linapempha mayiko kuyesetsa kuti kutenthaku kusapitirire 1.5.

Zochita zoyamba. Pakani chidutswa chimodzi cha malata laimu, china muchidetse ndi makala. Ikani zonse padzuwa kwa mphindi khumi, kenaka mukhudze ndi kuseri kwa dzanja. Chakuda mupeza chikuwotcha, choyera chikugwirika. Chipale chofewa chimene changogwa kumene chimabweza magawo oposa 80 pa 100 a kuwala kwa dzuwa, pomwe madzi akuda a m'nyanja amamwa pafupifupi konse. Ndiye madzi oundana akachepa, nyanja imatentha kwambiri, n'kusungunula ena, ndipo zimangopitirira choncho. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene Arctic ikutenthera msanga.

Zochita zachiwiri. M'kapu yoyamba ikani ayezi, thirani madzi mpaka ayeziyo ayandame, n'kulemba mzere pamene madzi alekezera. M'kapu yachiwiri unjikani timiyala, thirani madzi osafika pamwamba pa timiyalato, lembani mzere, n'kusanjika ayezi pa timiyala. Dikirani asungunuke. M'kapu yoyamba madzi akhala pa mzere pomwepo, m'kapu yachiwiri adutsa mzere. Pa mayeso musadzasokoneze: amene amakweza nyanja ndi madzi oundana a pamtunda, pomwe a m'nyanja akasungunuka choipa chake n'chakuti nyanja imatsala poyera n'kumamwa kutentha kwa dzuwa.

Gawo 7: Alendo okaona ndi maso

Si onse okwera sitimazi amene ndi asayansi. Kuyambira 1966, pamene Lars-Eric Lindblad anatenga gulu la alendo kupita ku Antarctica, malonda a maulendowa akula, ndipo m'nyengo ya 2022/2023 alendo anaposa 100,000. Ambiri amakwerera ku Ushuaia, kumwera kwa Argentina, n'kuoloka nyanja yolusa ya Drake Passage masiku awiri. Makampani ake ali ndi bungwe la IAATO, limene linakhazikitsidwa mu 1991, ndipo ali ndi malamulo: pamtunda asatsike anthu oposa 100 nthawi imodzi, sitima yonyamula anthu oposa 500 isatsitse aliyense, ndipo munthu atalikirane ndi penguin mamita asanu. Asanatsike, aliyense amatsuka jombo ndi burashi m'madzi a mankhwala ndi kukutumula matumba a jekete kuti kambewu kapena kachilombo kachilendo kasalowe. Ngozi ziliponso: mu Novembala 2007 sitima ya Explorer inagunda madzi oundana n'kumira, mwamwayi anthu onse 154 anapulumutsidwa.

Pano pali nkhani yokambirana. Oikira kumbuyo maulendowa amati munthu amene waona yekha amabwerako ndi mtima wofuna kuteteza chilengedwe. Otsutsa amati mlendo aliyense amakwera ndege ulendo wautali, kenaka sitima yomwa mafuta ambiri, ndipo mwaye wa injini ukagwera pa chipale choyera umachidetsa n'kuchisungunula msanga, monga taonera pa malata aja. Mtengo wa ulendo umodzi ndi madola masauzande angapo. M'magulu a anthu asanu, kambiranani ngati n'koyenera kuwotcha mafuta pofuna kukaona zimene kuwotcha mafuta kwawononga, ndipo gulu lililonse lipereke zifukwa ziwiri.

Gawo 8: Tibwerere ku Chadiza

Mukukumbukira mmene zinalili chakumayambiriro kwa 2024. Chimanga chinali chitafika pomasula, nthawi imene chimafuna madzi kwambiri, mvula n'kudula. Masamba ankapindika dzuwa lisanafike pamutu, ngaiyaye zinauma ndevu zisanatuluke bwino, ndipo minda ina inangotsala mapesi opanda chisononkho. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi yogwera dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, chigawo chathu cha Kummawa chili m'gulu, ndipo mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni a chimanga anapserera. Zokolola za dziko zinatsika kuchoka pa matani oposa 3.2 miliyoni kufika pa 1.5 miliyoni. Madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, zigayo zamagetsi n'kuima.

Kodi kusungunuka kwa madzi oundana ndiko kunabweretsa chilalachi? Ayi, ndipo musadzalembe choncho. Chimene chinadula mvula makamaka ndi El Niño, kufunda kwa madzi a kummawa kwa nyanja ya Pacific kumene kumachitika pakapita zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri ndipo kumachepetsa mvula kumwera kwa Africa, monga zinachitikiranso mu 1991/1992 ndi 2015/2016. Asayansi a gulu la World Weather Attribution atafufuza anapeza zomwezo. Kugwirizana kwake kuli pa muzu. Kutentha kumene kukusungunula Arctic ndi komweko kumene kukuumitsa nthaka yathu msanga mvula ikangodula, motero ng'amba ya masabata atatu lero imapweteka chimanga kuposa ng'amba yomweyo nyengo yozizirirapo.

Kutenthaku kuli ndi mbali inanso. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umanyamula chinyezi choonjezera magawo pafupifupi 7 pa 100, choncho mvula ikati igwe imagwa yambiri nthawi imodzi, n'kukokolola nthaka m'malo molowa pansi. Nyanja yofunda imapatsanso mphamvu anamondwe. Idai anagunda Beira mu Malichi 2019 n'kupha anthu oposa 1,000 ku Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi, ndipo Freddy anapha mazana ambiri kumwera kwa Malawi mu Malichi 2023. Beira ndi mzinda wa pamalo otsika, ndipo malole ambiri amene amadutsa pa chipata cha Chanida amachokera ku doko lake. Nyanja ikakwera ndi anamondwe akakula, doko ndi msewu zimaonongeka, katundu amachedwa, mitengo n'kukwera kwa ife amene nyanjayo sitinaionepo.

Africa yonse imatulutsa magawo osafika 4 pa 100 a mpweya wa kaboni dayokisaidi wochokera ku mafuta ndi mafakitale, choncho mlimi wa kwa Mlolo, kwa Mwangala kapena kwa Zingalume si amene wasungunula Greenland. Komabe zilipo zimene zili m'manja mwathu, ndipo phindu lake limayambira m'munda momwemo: kusiya mapesi m'munda osawatentha, kubzala m'maenje osunga madzi, kusinthanitsa chimanga ndi mtedza, soya kapena nandolo, kusunga mapira, chinangwa ndi mbatata, kubzala mbewu zocha msanga, kusiya mitengo ya msangu ndi kubzala gliricidia, kuteteza madambo ndi mitengo ya m'mbali mwa mitsinje, ndi kumvera zimene a nthambi ya zanyengo ndi alangizi a zaulimi akulengeza mvula isanayambe.

Mafunso obwereza

1. Tchulani zinthu zitatu zimene zimasiyanitsa Arctic ndi Antarctica.
2. N'chifukwa chiyani kuyerekeza ulendo wa Amundsen ndi wa Crystal Serenity si umboni wokwanira?
3. Fotokozani mmene S.A. Agulhas II imadutsira m'madzi oundana.
4. Timathovu ta mpweya ta ku Dome C tikutiuza chiyani?
5. Pogwiritsa ntchito makapu awiri aja, fotokozani mtundu wa madzi oundana umene umakweza nyanja.
6. Siyanitsani El Niño ndi kutentha kwa dziko, ndipo musonyeze mmene ziwirizi zinakumanira mu 2024.

Ntchito ya kunyumba

Yoyamba. Funsani agogo kapena wamkulu wina wa m'mudzi mwaulemu: kale mvula yobzalira inkagwa mwezi uti, mtsinje kapena chitsime cha kufupi ndi kwanu chinkaphwa liti, ndipo ndi zaka ziti za njala zimene akuzikumbukira? Lembani mayankho m'ndime ziwiri.

Yachiwiri, ya kalasi lonse. Tipanga choyezera mvula. Dulani botolo la pulasitiki la m'mbali mowongoka, mutembenuze kukamwa kwake kulowetsa m'kati, muthire timiyala ndi madzi pansi mpaka pofanana, ndipo mumangirire rula kuti ziro akhale pa madziwo. Liikeni poyera, kutali ndi denga ndi mitengo. Tsiku lililonse 8 koloko m'mawa ophunzira awiri aziwerenga mamilimita, kulemba m'kope la kalasi, n'kubwezeretsa madzi pa ziro. Tsiku limene sinagwe muzilemba 0, osasiya mpata, chifukwa masiku ouma otsatizana ndi amene tikufuna kuwadziwa kwambiri. Mvula ikatha mu Epulo tidzaonkhetsa za mwezi uliwonse, tidzapeza ng'amba yaitali kwambiri ya chakacho, ndipo kopelo tidzalisiya ku ofesi ya aphunzitsi aakulu kuti kalasi lobwera lidzapitirize.